iPXE, IPXE kapena ipxe? Kukonza dzina m'malangizo popanda kugwetsa seva

Lolemba lina m'mawa, makompyuta onse a mu labu ya sukulu ina kuno ku Lilongwe anakana kudzuka. Osati kuzimiratu ayi. Iliyonse imayaka bwinobwino, n'kupempha adiresi pa netiweki, n'kukoka kafayilo, n'kuonetsa pa sikirini dzina la iPXE, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta kudzera pa netiweki, kenako n'kubwerera poyambira pomwe paja. Zimangokhala ngati minibasi ya ku Area 25 imene ikuzungulira m'depoti, kondakitala akukuwa, koma osanyamuka. Apo n'kuti ophunzira atadzaza kale pakhonde.

Tinakayikira mawaya, tinakayikira switch, tinakayikiranso magetsi amene anazima Loweruka. Zonsezo zinalibe mlandu. Mlandu unali wa chilembo chimodzi. Mnyamata amene ankaphunzira ntchito kwa ine ndinamupempha kuti akonze chikalata chathu cha malangizo, poti dzina la pulogalamuyi linalembedwamo mitundu inayi. Iye anasankha mtundu umodzi, IPXE, n'kuuza kompyuta kuti isinthe paliponse. Tsiku lotsatira ine ndinakopera mizere ya m'chikalatacho n'kuiika pa seva yatsopano, osayang'anitsitsa. Titapeza vutolo anangoti, "Achimwene, ine ndimayesa ndikukongoletsa." Sindikanamukalipira, popeza wokopera osawerenga uja ndinali ine.

Ntchito imene ndinamupatsayo ndi yofunika, ndipo iyenera kuchitika. Chikalata chimene tsamba loyamba likuti IPXE, lachitatu Ipxe, lachisanu gPXE, chimasokoneza munthu watsopano: sadziwa ngati ndi chinthu chimodzi kapena zitatu, ndipo akafuna kusaka mawu amaphonya theka. Kungoti m'malangizo a boot loader (pulogalamu yodzutsa kompyuta) ya pa netiweki dzina limodzimodzi limawerengedwa ndi awiri, munthu ndi makina. Munthu amakhululuka. Makina ayi. Nayi njira imene ndimatsata tsopano.

Yambani mwadziwa mayina ndi eni ake

Musanakhudze chilembo, lembani papepala mayina onse amene akupezeka m'chikalata chanu, ndipo lililonse mulione momwe eni ake amalilembera patsamba lawo. Osadalira zimene mukukumbukira, osadaliranso momwe mnzanu analembera pa WhatsApp.

PXE si pulogalamu imodzi koma ndondomeko imene kampani ya Intel inakhazikitsa yoti kompyuta izitha kudzuka kudzera pa netiweki popanda kudalira hard disk. Mtundu wa 2.1, umene khadi zambiri za netiweki zimatsata, unatuluka mu 1999. Dzinali limalembedwa ndi zilembo zazikulu zonse zitatu, ngakhale pakamwa ambiri timangoti "pikisi".

Pulogalamu ya iPXE ili ndi makolo. Kunali Etherboot, imene inayamba mu 1995. M'menemo munatuluka gPXE. Ndiye mu 2010 Michael Brown, amene ankalemba mbali yaikulu ya gPXE, anapatuka n'kupitiriza ntchitoyo pansi pa dzina la iPXE. Choncho gPXE si iPXE yolembedwa molakwika. Ndi chinthu china, chakale. Mukaipeza m'chikalata, funsani kaye ngati wolembayo amanena za yakaleyo kapena dzanja linangozolowera. Kalembedwe ka eni ake a iPXE n'koti i wamng'ono, PXE wamkulu, kulikonse kumene dzinalo laima ngati dzina.

Mayina ena amasokonezanso. Ntchito ya H. Peter Anvin yonse pamodzi imatchedwa Syslinux, koma ziwalo zake zimalembedwa ndi zilembo zazikulu: PXELINUX ya pa netiweki, ISOLINUX ya pa CD, ndi SYSLINUX imene imadzutsa kompyuta kuchokera pa disiki ya FAT. Ndiye kuti Syslinux ndi SYSLINUX onse ndi olondola, koma sakunena chinthu chimodzi. Pulogalamu ya Simon Kelley imene ambiri timagwiritsa ntchito pa DHCP (kugawa maadiresi a pa netiweki) ndi TFTP (kutumiza mafayilo) m'malabu ang'onoang'ono ndi dnsmasq. GRUB, DHCP, TFTP ndi UEFI ndi zilembo zazikulu basi.

Werengani zolakwikazo musanazikonze

Ngati malangizo anu ali m'mafayilo wamba a mawu, monga Markdown, lamulo ili likuonetsani mitundu yonse ya dzinalo ndi kuchuluka kwake:

```
grep -rhoi 'ipxe' malangizo/ | sort | uniq -c
```

Chilembo cha i m'lamulomo chikuuza grep kuti asasankhe zazikulu kapena zazing'ono, o akuti aonetse mawu okhawo amene wapeza. Muona mndandanda waufupi, mtundu uliwonse ndi nambala yake. Chitaninso chimodzimodzi ndi gpxe, pxelinux ndi dnsmasq. Ngati chikalata chili mu Word kapena LibreOffice Writer, grep sangakuthandizeni chifukwa mafayilo amenewo ndi opanikizidwa mkati. Gwiritsani ntchito bokosi losakira, muchonge pamene alemba Match case, musake mtundu umodziumodzi.

Pano musasinthe kanthu. Mukungofuna kudziwa kukula kwa munda musanayambe kulima.

Gawani milu itatu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ife tinagwera.

Mulu woyamba ndi dzina loti munthu awerenge: m'ziganizo, m'mitu, pansi pa zithunzi. Umenewu ndi wosavuta. Paliponse mulembe iPXE.

Mulu wachiwiri ndi mayina a mafayilo, mafoda, maphukusi ndi maadiresi. Amenewa ali ndi kalembedwe kawokawo ndipo pafupifupi onse ndi zilembo zazing'ono: undionly.kpxe ya makompyuta a BIOS (kadzutsidwe kakale), ipxe.efi ndi snponly.efi za UEFI (kadzutsidwe katsopano), pxelinux.0, foda ya pxelinux.cfg, tsamba la ipxe.org, phukusi la ipxe pa Debian. Mzere woyamba wa script ya iPXE nawo umalembedwa #!ipxe, monga momwe eni ake amaonetsera. Mukawasintha kuti afanane ndi mulu woyamba mwaputa mavuto, chifukwa kwa seva ya Linux, ipxe.efi ndi iPXE.efi ndi mafayilo awiri osiyana. Kompyuta ikapempha pa TFTP fayilo imene kulibe, imangolemba kuti sinaipeze n'kuima. Anzathu amene anakulira pa Windows izi zimawadabwitsa, poti kumeneko zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'dzina la fayilo sizisiyanitsidwa.

Mulu wachitatu ndi waung'ono koma ndi umene umaluma. Ndi mawu amene makina awiri amauzana, ndipo wina amawayerekeza chilembo ndi chilembo. Kuti mumvetse, taonani zimene zimachitika kompyuta ikamadzuka. Khadi ya netiweki imafunsa seva ya DHCP kuti ipatsidwe adiresi ndi dzina la fayilo yoti ikoke. Seva imayankha kuti ikoke undionly.kpxe. Fayiloyo ikangoyamba kugwira ntchito, ndiye kuti iPXE yadzuka, ndipo chinthu choyamba chimene imachita ndi kufunsanso seva yomweyo funso lomwelo. Seva ikapanda kuzindikira kuti wofunsa tsopano ndi iPXE, imayankha monga poyamba, iPXE n'kudzikokanso yokha, n'kufunsanso, mpaka dzuwa kulowa. Ndiye minibasi ya m'depoti ija.

Chimene chimadula chizungulirechi n'choti iPXE imadzitchula dzina m'pempho lake, mu option 77 ya DHCP imene imatchedwa user class, ndipo mawu amene imatumiza ndi iPXE ndendende. Pa seva ya ISC DHCP mizere yake imakhala chonchi:

```
if exists user-class and option user-class = "iPXE" {
    filename "http://192.168.10.2/boot.ipxe";
} else {
    filename "undionly.kpxe";
}
```

Mukalemba "IPXE" m'katimo, seva sidandaula. Imayaka bwino, imagawa maadiresi bwino, palibe uthenga uliwonse wa vuto. Kungoti mawu awiriwo safanana, ndiye nthawi zonse imatsikira ku mbali yachiwiri. N'chifukwa chake tinataya m'mawa wonse tikugwedeza mawaya.

Pa dnsmasq pali mzere umene ndimakonda kuphunzitsira, chifukwa uli ndi kalembedwe kawiri ndipo konse n'kolondola:

```
dhcp-userclass=set:ipxe,iPXE
dhcp-boot=tag:!ipxe,undionly.kpxe
dhcp-boot=tag:ipxe,http://192.168.10.2/boot.ipxe
```

Mu mzere woyamba, ipxe wa zilembo zazing'onoyo ndi chizindikiro chimene mwasankha nokha. Mukanatha kulemba nsima kapena chambo, bola mizere iwiri yapansiyo inene chimodzimodzi. Koma iPXE wa kumapetoyo si wanu, ndi wa makina. Munthu wofuna kuti zonse zifanane akafika pamzerewu dzanja limamuyabwa. Muuzeni asiye. Ngati mukufuna kuthawiratu nkhani ya zilembo, dnsmasq imalolanso kuzindikira iPXE poona option 175, imene imabwera m'pempho lake: dhcp-match=set:ipxe,175. Nambala ilibe chachikulu kapena chaching'ono.

Mawu ena a mu mulu womwewu ndi PXEClient, amene khadi ya netiweki imatumiza mu option 60. Ndi P, X, E, C zazikulu, zotsalazo zazing'ono, popanda mpata pakati.

Mukatha kugawa, chitani chinthu chimodzi chimene chidzapulumutse amene adzabwere pambuyo panu: chilichonse cha mu mulu wachiwiri ndi wachitatu chiikeni m'kalembedwe ka code, kaya ndi m'bokosi kaya ndi zilembo za mtundu wina. Diso lizitha kuona kuchokera patali kuti apa ndi pa makina, osapondapo.

Dzinali likalowa m'Chichewa

Ambiri a ife malangizo a mu labu timawalemba m'zinenero ziwiri, kapena timalemba m'Chingerezi n'kuwonjezera tsamba la Chichewa la amene amatsegula labu m'mawa. Apa pali timisampha take.

Koyamba ndi chiyambi cha chiganizo. Tonse aphunzitsi a ku pulayimale anatikhomerera kuti chiganizo chimayamba ndi chilembo chachikulu, ndiye munthu akaona "iPXE imafunsanso seva" mtima sukhala m'malo. Dzina lisasinthe. Ngati kaonekedweko kakukuvutani, Chichewa chimatipatsa pothawira mosavuta: "Pulogalamu ya iPXE imafunsanso seva." Kapena yambani ndi nthawi: "Ikadzuka, iPXE imafunsanso seva." Mitu ndi chimodzimodzi. Ngati mitu ya chikalata chanu imalembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, sinthani kalembedwe ka mituyo, kapena pewani dzinalo m'mutu. Samalani ndi makonzedwe a mutu amene amakuza zilembo okha pa sikirini: inu mwalemba iPXE, koma wowerenga akuona IPXE, ndipo ndi zimene adzalembe.

Kachiwiri ndi timawu ta pa, mu, ku, ya, la. Tilekanitseni ndi dzina: pa iPXE, mu iPXE, script ya iPXE. Ndinaonapo wina atalemba "muiPXE", ndipo ndinawerenga kawiri ndisanamve. Kuphatikizako kumalepheretsanso kusaka kwa mawu athunthu. Tizilembo ta kumapeto monga -yi ndi -yo nato tisamamatire ku dzina. M'malo mwa kulimbana ndi "iPXEyi", nenani "pulogalamuyi".

Kachitatu, sankhani gulu limodzi la dzinali ndipo mukhale nalo. Ine ndimati iPXE imakoka, yadzuka, ikufunsa, chifukwa m'mutu mwanga muli mawu oti pulogalamu. Wina amati iPXE amakoka, ngati munthu. Sindinganene kuti walakwa, koma m'chikalata chimodzi musakhale zonse ziwiri. Ndipo poti mwagwira kale tsache, sesaninso mawu obwereka: fayilo kapena failo, pulogalamu kapena pulogiramu, netiweki kapena network. Pamenepa palibe seva imene igwe, ndiye musatayepo sabata. Gwirizanani mtundu umodzi pa tiyi wa m'mawa, basi.

Chimene sindivomera ndi kulemba dzina la ntchito ya eni ake m'katchulidwe kathu, monga "aipikisi". Pakamwa nenani momwe mungathere. Papepala, munthu ayenera kuona zilembo zomwezo zimene adzaone pa sikirini kompyuta ikamadzuka.

Tsekani pakamwa pa wokonza mawu

Zolakwika zambiri sizichokera kwa anthu koma ku mapulogalamu amene amati akutithandiza. Kiyibodi ya pa foni imakuza chilembo choyamba ikangoona mpumiro. Mu LibreOffice Writer pitani pa Tools, AutoCorrect, AutoCorrect Options, muchotse chongi pa kukuza chilembo choyamba cha chiganizo. Word ilinso ndi zofanana nazo. Palinso kena kochenjera: mapulogalamu onse awiriwa ali ndi njira yokonzera munthu amene waiwala Caps Lock ili yoyaka. Mukayatsa Caps Lock kuti mulembe PXE mosavuta, n'kudina Shift pa i, mawu amene atuluke amaoneka ndendende ngati ngozi imeneyo, ndipo akhoza kutembenuzidwa kukhala Ipxe. Mukaona Ipxe m'chikalata, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli kapena foni.

Chotsaninso chongi pa kusintha zizindikiro zogwira mawu kuti zikhale zopindika. Dzina likhoza kulembedwa bwino, koma ngati tizizindikiro tozungulira "iPXE" tapindika, fayilo ya makonzedwe a seva ya DHCP, dhcpd.conf, siiwerengeka. Kunena zoona, malangizo okhala ndi mizere yoti anthu azikopera sayenera kukhala mu Word n'komwe. Koma ndikudziwa kuti abwana ambiri amafuna chikalata chokhala ndi chizindikiro cha sukulu pamwamba, ndiye sindilimbikira.

Konzani ndi dzanja, malo amodziamodzi

Tsopano mukhoza kuyamba. Sungani kaye kope ya chikalata chakale, kapena ngati muli pa git (pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo), yambani nthambi yatsopano. Pezani malo olakwika moonekeratu:

```
grep -rnE '\b(IPXE|Ipxe|iPxe|IPxe)\b' malangizo/
```

Lamuloli likupatsani fayilo ndi nambala ya mzere. Pitani pa uliwonse, dzifunseni kuti ndi wa mulu uti, ndiye mukonze. Batani la Replace All musaliyandikire, ndipo sed -i, lamulo losintha mawu paliponse m'fayilo, musiyireni tsiku lina. Malo makumi asanu amatha pa ola limodzi, pamene kufufuza chimene chagwetsa labu kumadya tsiku.

Ovuta ndi ipxe wa zilembo zazing'ono, chifukwa malo ambiri ndi wolondola. Palibe lamulo limene lingakusankhireni bwinobwino. Werengani ndi maso. Akakhala m'chiganizo ngati dzina, mukweze. Akakhala ndi kadontho, slash kapena #! pafupi, musiyeni.

Mawu amene munakopera kuchokera pa sikirini kapena mu log musawakonze, ngakhale aoneke oipa bwanji. Munthu amene wakumana ndi vuto adzasaka mawu omwewo monga anawaonera. Chimodzimodzi ndime zonena mbiri: ngati labu inkagwiritsa ntchito gPXE kale, chiganizocho chikhale choncho.

Pomaliza pa gawoli, git diff --word-diff ikuonetsani mawu okhawo amene asintha. Yang'anani makamaka ngati pali kusintha kulikonse m'kati mwa mabokosi a code. Kulikonse kumene mwakupeza, mukhale ndi chifukwa chake.

Yesani chikalata, osati seva yokha

Seva imene ikugwira ntchito sikuuzani ngati chikalata chili bwino, poti siiwerenga chikalata. Tengani kompyuta yopuma, switch yaing'ono yosalumikizidwa ku netiweki ya sukulu, ndi munthu amene sanalembe nawo malangizowo. Atsate kuyambira pamwamba mpaka pansi, akukopera mizere monga ilili, inu mutakhala chete. Kulekanitsa netiwekiko n'kofunika: ma seva awiri a DHCP pa waya umodzi amasokoneza ofesi yonse, ndipo a ku akaunti adzakupezani musanamalize.

Mukafuna kuona ndi maso anu chimene makina akutumiza, onjezani log-dhcp m'makonzedwe a dnsmasq, ndipo mu log mudzaona user class ya pempho lililonse. Apo ayi, tcpdump -vv pa madoko 67 ndi 68 ikuonetsani zomwezo.

Chenjezo kwa okonda kuyesera pa makina ongoyerekeza: khadi za netiweki za mu QEMU zimabwera ndi iPXE kale. Ndiye kuti pempho loyamba lenilenilo limanena kale kuti ndine iPXE, ndipo njira ya undionly.kpxe siiyesedwa n'komwe. Dzina la fayiloyo likhoza kukhala lolakwika inu n'kumasangalala. Pezani kompyuta yeniyeni, imodzi ya BIOS ndi ina ya UEFI ngati labu yanu ili ndi mitundu yonse iwiri, monga zimakhalira ndi makompyuta olandira kuchokera kwa opereka osiyanasiyana.

Kuti zisabwererenso

Pamwamba pa chikalata ikani kandime kafupi, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, konena mayina ndi kalembedwe kake, ndi chiganizo chimodzi choti za m'mabokosi a code sizisinthidwa pofuna kukongoletsa. Kakatalika palibe adzawerenge. Ngati muli pa git, lamulo la grep lija liikeni mu pre-commit hook kuti likane kusunga likapeza IPXE kapena Ipxe.

Chotsala ndi makope akale, ndipo amenewa ndi amene amavuta kuposa zonse. Chikalata cholakwika chija ife tinachikonza tsiku lomwelo, koma chinali chitayenda kale: PDF pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito, ina pa fulashi ya mnzathu amene amathandizanso sukulu ina ku Kawale, ndi pepala losindikiza lomatidwa m'kati mwa chitseko cha kabati ya seva. Lembani tsiku pa tsamba loyamba la chikalata chatsopano, tumizani uthenga wonena mzere weniweni umene unali wolakwika, ndipo funsani aliyense amene analandira chakale kuti achifufute. Pepala la pa kabati lija tinalikumbukira patatha miyezi iwiri, mnyamata uja atatsegula kuti apukute fumbi la m'chilimwe. Analimatula yekha, n'kumata latsopano, i wake atamuzunguliza ndi cholembera chofiira.